Zilembo zanji pa pulogalamu ya chiliza cha bambo?

Nambewe, Mufakose:
Abale, ndigaireni nzeru. Mwezi wamawa tili ndi mwambo wa chiliza cha bambo athu, ndipo pulogalamu ndi nyimbo andisiyira ine. Ndinalemba zonse ndi zilembo zopotanapotana zija za pa makadi a ukwati, poti zimandikongolera. Nditapulinta tsamba limodzi ndinawapatsa azakhali. Anavala magalasi, kenako n'kuvula, n'kundibwezera pepala osawerenga ngakhale mzere umodzi. Mtima unandiwawa, chifukwa odzaimba nyimbozi ndi iwowo ndi anzawo a Mvano. Chinanso, pa dzina loti Malaŵi, pamalo pa ŵ patuluka kabokosi. Ndisankhe font (mtundu wa zilembo) iti?

Jere, Mbare:
Mayi Nambewe, ine ntchito yanga ndi yopulinta yomweyi. Zopotanazo zimafuna mawu awiri kapena atatu basi. Ngati mwazikonda, lemberani dzina la malemu pachikuto, zikuluzikulu. Nyimbo ndi mbiri yawo lembani ndi Georgia kapena Times New Roman, zija zili ndi timapazi m'mapeto mwa zilembo, timene amati serif. Koma Times New Roman anaipangira nyuzipepala ya The Times ya ku London mu 1932, ndiye ndi yopanikizika kuti mawu ambiri akwane pamalo ochepa. Pa saizi 12 agogo avutika nayo. Ikani 14, mizere italikirane. Kumanda anthu amawerenga ali chilili, dzuwa likuswa mtengo, ena misozi ili m'maso. Mafonti awiri akwana, osaonjezera.

Chisomo, Highfield:
Kabokosiko ndiye kuti font yanuyo ilibe chilembo cha ŵ, ndipo zokongoletsa zambiri zili choncho. Arial ili nacho, Times New Roman nayonso. Mukamaliza sungani ngati PDF, apo ayi kompyuta ya kopulintitsa ikapanda font yanu idzaika ina, mavesi n'kusokonekera.

Agogo Phiri, Tafara:
Mwanawe, yang'ananso za pamwala penipenipo. Chiliza cha mkazi wanga ndi cha mwala wakuda wa ku Mutoko, ndipo tinasankha zilembo zopyapyala. Lero fumbi linadzaza, chaka chobadwa sichioneka pokhapokha nditapita ndi madzi ndi kansalu. Uwauze osema alembe zonenepa, zosakongoletsa.

Nambewe, Mufakose:
Zikomo nonse. Ndayesa Georgia pa 14, masamba achoka pa 4 kufika pa 6, koma azakhali aimba vesi yonse akuwerenga okha. Agogo, za mwalazo ndawaimbira kale achimwene, osema sanayambe.