Thandizeni abale, akufuna kutichotsa pabwalo lomwe analambula makolo athu

Membala wobisa dzina:
Abale anga a pagulu pano, ndikulemba usiku uno tulo tasowa. Ine ndine wachiwiri kwa mlembi wa timu ya mpira ya m'dera lathu kuno ku Harare, dzina sinditchula kaye. Timasewera mu Division Two. Bwalo lathu analambula ndi makolo athu, machona amene anachoka ku Nyasaland pa galimoto za Ulere, ena kudzera ku Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito. Malemu bambo anga ankati pamalopo panali thengo ndi chulu chachikulu pakati. Akaweruka kuntchito ankapita ndi anzawo, makasu paphewa, kukazula zitsa mpaka mdima. Pomwe dziko limalandira ufulu mu 1980 n'kuti magolo ataima kale, a mitengo ya bulugama. Achitsulo omwe alipo panowa anawotcherera ndi amalume anga. Kuseri kwa golo la kumadzulo kuli mkuyu, pomwe amayi amagulitsira chimanga chootcha, ndipo gule akatuluka amavinira pomwepo.

Sabata yatha kunabwera kalata. A wapampando anaiwerenga pamsonkhano mothamanga, n'kuipinda, n'kuilowetsa m'thumba la jekete. Akuti ligi ikangotha tichokepo, ndipo atipezera malo ena kokwera makombi awiri, m'mbali mwa dambo. Osewera athu ambiri ndi ana a sukulu, ya kombi aziitenga kuti?

Chondipweteka china, a wapampandowa ndi alamu anga, anakwatira mlongo wanga. Ndikadzutsa dzanja pamsonkhano, madzulo ake mlongo wanga waimba kale foni kuti ndikuwanyozetsa amuna ake. A msungichuma nawo tinasonkha ndalama za yunifolomu chaka chatha, mpaka lero ana akusewera ndi majezi ong'ambika, omwe ndimachapa ine kwathu ndi sopo wanga, madzi ochita kukaima pamzere pa mjigo. Laimu wolembera mizere ndimagula ndekha. Mayi a kunyumba afika ponena kuti ndikagone kubwalo konko. Goloboyi wathunso anamunyengerera a timu ina, palibe anandiuza. Ndiye nditani abale? Bwaloli ndikaliona ndimaona bambo anga.

aNabanda a ku Mabvuku:
Pepani achimwene. Koma kalatayo yachokera kwa ndani? Nanga malowo eni ake ndani papepala, khonsolo, sukulu, mpingo kapena kampani?

aPhiri a ku Highfield:
Mwana wanga, zimene ukulirazi ife tinayamba kulira kalekale! Bwera kuno ku Machipisa udzaone Gwanzura. Bwalo lija anamanga ndi abale awiri a banja la Gwanzura nthawi imene munthu wakuda samaloledwa kusewera pa mabwalo a azungu. Ine ndaonerapo CAPS United pamenepo anthu atadzaza mpaka ena kukwera m'mitengo. Lero papita zaka zingati osaseweredwa mpira wa ligi yayikulu? Ngati Gwanzura yagona, kabwalo kanu ka fumbiko ndi ndani? Ana a masiku ano simudziwa mbiri. Timu ya Dynamos inayamba mu 1963 ku Mbare, chaka chomwe chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinatha. Pa bwalo la Rufaro paja ndi pomwe anatsitsa mbendera ya Angerezi usiku wolowa pa 18 April 1980, ine ndinalipo, panja pa mpanda, ndi maso angawa. Bwalo si udzu ndi magolo ayi, bwalo ndi anthu. Mukasamuka timu yafa, ndikukuuziranitu.

Mwale:
Madala, munthu wafunsa za bwalo lake, inu mwatitengera ku Rufaro. Komanso munali panja pa mpanda, mbenderayo munaiona bwanji? 😂

aPhiri a ku Highfield:
Iwe Mwale unali usanabadwe. Ulemu kaye. Ndimamva mfuu wa anthu, sizokwanira?

Mayi a mapasa:
Ine nkhani za malo ndikangomva mtima umagunda. Tinagula puloti kwa anthu ena omwe anali ndi ofesi, zidindo, malisiti, chilichonse. Tinalipira zaka ziwiri, tathira maziko, kenako kumva kuti ndi padambo, si pomanga. Njerwa zathu zinathera pomwepo, anthu aja foni sayankhanso mpaka lero. Amuna anga BP inayambira pamenepo. Ndiye mukati malo atsopanowo ali m'mbali mwa dambo, ine ndati kalanga. Mvula ikayamba mu November muzidzasewera m'matope ofika m'maondo. Funsani a EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ngati pamenepo n'pololedwa, iwo ndi amene amayang'anira madambo.

Chisale:
Vuto si bwalo, vuto ndi chibale m'komiti. Mlamu wapampando, inu mlembi, msungichuma mwina ndi msuweni. Timu ya banja imeneyo? Chitani chisankho.

aNabanda a ku Mabvuku:
A Chisale, chisankho chiletsa bwanji kusamuka? Achimwene ofunsa, ndikubwerezanso, amene wasaina kalatayo ndani?

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. A Chisale, msungichuma si m'bale wanga, ndi wochokera ku Mulanje, ife kwathu ndi ku Dedza. Ndipo ndaiwala kunena kuti pamaliro a bambo anga a wapampandowa anafika mochedwa, mwambo wa kumanda utatha, koma ndi bambo omwewo anawaphunzitsa kumenya mpira pabwalo lomweli. Ine sindikufuna udindo wawo. Ndikungofuna ana asamayende mtunda.

aPhiri a ku Highfield:
Wamva Mwale? Mwanayu akunena zomwe ndanena ine. Mtunda umapha timu. National Sports Stadium anatimangira a ku China, inatsegulidwa mu 1987, yolowa anthu 60,000. CAF, bungwe la mpira mu Africa, itaikana, ma Warriors, timu ya dziko lino, anakasewera ndi Nigeria ku Rwanda mu 2023, ati masewero a pakhomo! Pakhomo pa ndani? Ndani wa ku Mufakose anakwera ndege kukachemerera? Zomwezo zikuchitikirani inu pang'onopang'ono. Sabata yoyamba masapota abwera khumi, yachiwiri atatu, yachitatu mutsala ndi oyimbira ndi agalu. Amayi a chimanga aja sangasenze mbaula pa makombi awiri. Ndipo tisaiwale, ana a machona ndi amene akometsa mpira wa dziko lino. Benjani Mwaruwari, yemwe anakafika mpaka ku Portsmouth ndi Manchester City, magazi ake ndi a ku Malawi. Ana ngati amenewo amayambira pafumbi, pafupi ndi nyumba ya amayi awo. Musasamuke! Khalani pabwalopo usana ndi usiku ngati n'kotheka.

Mwale:
Kukhala pabwalo usiku ndiye amangidwa, inu mudzakawapatsa nsima kupolisi? Mwaiwala 2005? Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba ija, sinafunse kuti analambula ndani.

aPhiri a ku Highfield:
Usandiphunzitse za 2005 iwe, kanyumba kanga ka kuseri ndinagwetsa ndekha ndi hamala, apolisi ataima pageti. Mantha anu omwewa ndi amene akutithera malo.

Mphunzitsi wopuma:
A wachiwiri kwa mlembi, inu ndinu wa m'komiti, muli ndi ufulu woona kalatayo. Pemphani muijambule ndi foni, muone mutu wake, chidindo ndi tsiku. Mukatero pitani ku ofesi ya khonsolo ya m'dera lanu mukafunse kuti malowo analembedwa kuti ndi a chiyani, ndiponso ngati timu ili ndi lizi, pepala lobwerekera malowo. Mupite awiri kapena atatu, osati nokha. Ife kusukulu kwathu tinkabwereketsa bwalo kwa timu ina Lamlungu, iwo n'kumatchetcha udzu ndi kulemba mizere. Mwina pafupi nanu pali sukulu yomwe ingavomere, bola mulemberane.

Mlongo mwa Ambuye:
Mpira wa Lamlungu womwewo ndi umene wachotsa anyamata kutchalitchi. Mwina Mulungu akulankhula. Komanso achimwene, mkazi wanu akudandaula, inu mwamva? Konzani za m'nyumba kaye.

Chisale:
Amayi, anyamata akachoka pabwalo sapita kutchalitchi, amapita kokhala pa mabiliji kukasuta. Funsani aliyense wa ku Mbare akuuzani zomwe mankhwala ozunguza bongo achita ndi ana.

Kochi wa ana:
Kaya musamuka kaya simusamuka, bwalo la pakhomo silisinthidwa mwakachetechete. Muyenera kudziwitsa akuluakulu a ligi yanu ku ZIFA, bungwe la mpira m'dziko muno, ndipo amafuna aone kaye malowo. Yezaninso ngati pakukwana, bwalo la akuluakulu lisachepere mamita 90 m'litali ndi 45 m'lifupi. Goloboyi wanuyo ngati analembetsedwa kwa inu sangangopita popanda chilolezo, fufuzani khadi lake lili kwa ndani.

aPhiri a ku Highfield:
Mamita, mamita. Ife tinkayeza ndi mapazi ndipo mpira unkakoma kuposa wa lerowu. Mwana wanga wofunsa, sonkhanitsa madala onse amene anagwirapo khasu pamenepo, amene atsala, ndi amayi amasiye a amene anapita. Apite kwa khansala atavala majezi akale. Ine ndibwera nawo, ungondiuza tsiku. Zithunzi zakale ngati zilipo utenge.

Membala wobisa dzina:
A Phiri, mwandigwetsa misozi. Chithunzi chilipo chimodzi, bambo atagwada kutsogolo atagwira mpira, chili kwa mlongo wanga yemwe uja, ndiye kuti ndikachitenge mpaka ndidutse pakhomo pa alamu. Mawa ndiyesa kupita m'mamawa iwo atapita kuntchito.

aNabanda a ku Mabvuku:
Mukapita kumeneko mufunsenso za kalatayo, achimwene. Kachitatu tsopano: yachokera kwa ndani?

Mwale:
A Phiri, jezi yanu yakaleyo ikukukwananibe?

aPhiri a ku Highfield:
Ikwane isakwane ndivala.