Purosesa yotsika mtengo ndi yodula: ndigule iti yokonzera mavidiyo a maukwati?

Wojambula_Zomba:

Moni nonse akuno. Ndikupempha nzeru kwa inu amene makinawa munawagwirapo ndi manja, osati zongowerenga pa katoni.

Ine ndimajambula mavidiyo a maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mpingo kuno ku Zomba. Mavidiyowa ndakhala ndikuwakonzera pa laputopu ya mchemwali wanga, ya purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel Celeron N4020 yokhala ndi RAM (malo osungira zimene ikugwira panthawiyo) ya 4GB. Polemba makalata ndi malisiti ilibe mlandu. Koma ndikangoikamo vidiyo ya kwaya ikulowa m'tchalitchi, chithunzi chimayenda modukizadukiza, nyimbo ili patsogolo, milomo ya oimba ikubwera m'mbuyo. Export (kutulutsa vidiyo yomalizidwa) ya ukwati umodzi ndimaisiya ikuyenda usiku. Magetsi akathima batire n'kutha, m'mawa ndimayambiranso, uku ankhoswe akuimba foni kufunsa flash yawo. Zimandipweteka, chifukwa anthuwa amakhala atandikhulupirira pa tsiku limene silidzabweranso.

Pano ndasungako kangachepe ndipo ndapeza malaputopu atatu. Ina ndi ThinkPad T480 ya kaunjika, Core i5-8350U, RAM 8GB, ili ndi SSD (disiki yothamanga yosungira mafayilo). Ina ndi yopyapyala, yooneka bwino zedi, yomatidwa sitika ya Core i7, nambala yake i7-7500U, ndipo wogulitsa akuitchula mtengo woposa wa ThinkPad ija chifukwa akuti "iyi ndi i7 bwana". Yachitatu wandipezera msuweni wanga ku Johannesburg, ya magemu, i7-12700H ndi khadi ya zithunzi ya NVIDIA RTX 3050, koma mtengo wake ukuyandikira kuwirikiza katatu. Ndikatenga imeneyi ndiye kuti maikolofoni ndi magetsi ojambulira ziyamba zadikira.

Kodi yodulayi imathamangadi mogwirizana ndi ndalama zake? Nanga i7 yapakatiyo siyoposa i5?

Wokonza_Limbe:

Achimwene, ya i7-7500U ija isiyeni. Ndimakonza malaputopu tsiku ndi tsiku ndipo sitika imeneyi yawonongetsa ndalama za anthu ambiri. Mawu oti i5 kapena i7 paokha sakuuzani kanthu, yang'anani manambala otsatirawo. Pa 7500U, nambala 7 yoyambayo ikusonyeza m'badwo wachisanu ndi chiwiri, wa mu 2016. Purosesa imeneyi ili ndi ma core (timitima togwira ntchito mkati mwake) awiri okha ndi ma thread (mizere ya ntchito imene imayendetsa nthawi imodzi) anayi. Pamene Intel inatulutsa m'badwo wachisanu ndi chitatu mu 2017, ma i5 ndi ma i7 a malaputopu opyapyala anakwera kufika ma core anayi ndi ma thread 8. Ndiye i5-8350U ya mu ThinkPad ija, pa ntchito ngati export imene imagwiritsa ma core onse nthawi imodzi, imaisiya kutali i7 yakaleyo. Palinso nkhani ya Windows: Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. 8350U ili pa mndandanda wovomerezeka, 7500U palibe.

Chachiwiri ndi chilembo chakumapeto. U ndi purosesa yosunga moto, ya mawati 15. H ndi ya mawati 45, ndipo ikapanikizidwa imakoka oposa pamenepo. 12700H ija ndi ya 2022, ili ndi ma core 14, asanu ndi limodzi amphamvu, 8 ang'onoang'ono osadya moto kwambiri, ma thread onse 20. Pa export siingafanane ndi ThinkPad, apo sindikunamizani. Koma potsegula Chrome, WhatsApp kapena Word simudzaona kusiyana kolingana ndi ndalamazo, chifukwa pamenepo zimene zimagwira ntchito kwambiri ndi SSD ndi RAM.

Chimene ogulitsa sanena ndi kutentha. Purosesa ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. Mwezi wa October zimabwera zambiri pa benchi panga. Ukatsegula kunsi, pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsira mphepo umapeza fumbi litaumbika ngati thonje, ukalikoka ndi pini limatuluka lathunthu, ndipo thermal paste, phala lothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa, yauma yagwa zidutswa. Mwini wake amakhala akuti makina akalamba, chonsecho akungobanika. Laputopu ya H imatulutsa kutentha kochuluka, ndiye ngati mumapita nayo m'maholo ndi m'misewu ya fumbi, konzekani kumaitsukitsa pafupipafupi.

Ubwino wina wa T480 ndi woti ili ndi malo awiri a RAM. Mukhoza kuikweza kufika 16GB osavutika. Ili ndinso mabatire awiri, lina lamkati, lina lochotsa kunja.

MayiWaMaakaunti:

Bambo a ku Zomba, ine si katswiri, ndimangosunga mabuku a ndalama a kopaletivu ya alimi kuno ku Mchinji, koma mawu anu oti magetsi akathima mumayambiranso andigwira mtima. Musanagule ya magemuyo, funsani msuweni wanuyo akujambulireni chajala yake muwerenge mawati. Za magemu zambiri zimakhala ndi chajala cholemera cha mawati opitirira 120, pamene yanga ya AMD Ryzen 5 5500U imakwana ndi ya 65. Ife ku ofesi timadalira sola yaing'ono. Mwana wa achimwene anga atabwera ndi ya magemu kudzachezera tchuthi, inverter inayamba kulira madzulo asanafike. Ndinaonanso ndekha kuti akaichotsa ku moto imatsika liwiro, ndipo batire lake silichedwa kutha.

Ryzen yangayi ndi ya 2021, ma core 6, ndipo Excel ya mayina a alimi onse ndi ngongole zawo za feteleza imatseguka ndisanakhale pansi bwinobwino. Mukaipeza yotere pa mtengo wapakati, iganizireni.

Celeron ija musainyoze kwambiri, mubwezereni mchemwali wanu ndi zikomo. Inapangidwira kulemba ndi intaneti, imadya mawati 6 okha, ndipo ntchito imeneyo imaigwira.

Mkonzi_Area25:

Akulu onse anena zoona, koma ine ndisiyana nawo pang'ono, chifukwa ntchito ya achimwenewa ndi imene ndimadyera inenso. Kwa munthu wa Excel purosesa yodula ndi kutaya ndalama, inde. Kwa ife nthawi ya export ndi ndalama. Nyengo ya maukwati ikafika, Loweruka lililonse muli ndi ntchito, ndipo amene amapereka vidiyo msanga ndi amene amamutchula kwa abale ena.

Funso ndi loti mumajambula motani. Ngati ndi 1080p, kamera imodzi, kudula ndi kuika nyimbo ndi mayina a akwati, i5-8350U yokhala ndi 16GB ikwanitsa. Ma purosesa a Intel amenewa ali ndi Quick Sync, kachigawo kowerenga ndi kulemba mavidiyo a H.264 ndi HEVC popanda kulemetsa ma core. Koma mukayamba 4K (zithunzi zazikulu kwambiri kuposa 1080p), makamera awiri, kukonza mitundu ndi kuchotsa timadontho pa zojambula za usiku ku phwando, ThinkPad igwada. Pamenepo chimene chimakunyamulani si 12700H yokha, ndi RTX 3050 ija, makamaka pa pulogalamu yokonzera mavidiyo ya DaVinci Resolve imene imadalira kwambiri khadi ya zithunzi. Njira yozembera ilipo, yopanga ma proxy, timavidiyo topepuka tokonzera, koma nayonso imadya nthawi.

Ena akuuzani za MacBook Air ya M1 ya 2020. Ndi makina abwino, alibe fani, batire limakhalitsa ndipo liwiro silitsika mukachotsa ku moto. Koma RAM ndi SSD zake n'zomatirira, simungawonjezere, ndipo ikawonongeka zipangizo zake kuno n'zovuta kupeza.

Wojambula_Zomba:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. A Mkonzi, ine ndimajambula 1080p ndi kamera imodzi, ndipo makasitomala anga amaonera pa TV ya kunyumba kapena kutumizirana pa WhatsApp. Madandaulo amene ndimalandira si a chithunzi ayi, ndi a mawu: malumbiro a akwati osamveka chifukwa cha mphepo ndi ma sipika a m'holo. Choncho mtima wanga wapendekera ku ThinkPad, ndiwonjezere RAM, yotsalayo ndigule maikolofoni yomangirira pa jekete la mkwati. Amayi a ku Mchinji, nkhani ya sola ija ndi yanganso, kwathu n'chimodzimodzi. A ku Limbe, ndikakafika kwa wogulitsa ndikayang'ane chiyani ndisanapereke ndalama?

Wokonza_Limbe:

Musakakhulupirire sitika. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager ikatseguka pitani pa Performance kenako CPU. Dzina lonse la purosesa lilembedwa pamwamba, ndipo pansi pakhale ma core 4 ndi logical processors 8. Pomwepo onaninso kuti disiki yalembedwa SSD.

Tengani flash yokhala ndi vidiyo ya ukwati imene munajambula kale, muipanikize nayo kwa mphindi 20 kapena kuposa, chajala ili kumoto. Ikani dzanja pomwe pamatulukira mphepo. Fani ikamalira kwambiri koma mphepo ikutuluka yochepa, mkatimo mwatsekeka, ndipo muuzeni wogulitsa atsitse mtengo kapena aitsukitse yekha. Kenako tsegulani Command Prompt mulembe powercfg /batteryreport. Lipotilo likuonetsani mphamvu imene mabatire anali nayo ali atsopano ndi imene atsala nayo lero. Pa T480 onani onse awiri, chifukwa lamkatilo nthawi zina limakhala litafa kale kapena mulibemo n'komwe. Lowaninso mu BIOS, tsamba la makonzedwe a makinawo, podina F1 poyatsa, muone kuti mulibe pasiwedi imene kampani ya eni ake akale inasiya. Ikakhala ndi pasiwedi imeneyo musaigule ngakhale atakutsitsirani bwanji.