Za chikuku cha mwana m'mabasi ndi m'masitima a ku London, nayi nkhani ya mmene zinathera

Mwezi wathawu ndinafunsa ngati n'zotheka kuyenda mu London ndi khanda m'chikuku popanda galimoto. Zikomo amayi anzanga nonse amene munandiyankha. Zikutheka ndithu.

Basi ndiye yandikomera. Chikuku chimalowa osachipinda, n'kuchiimika pamalo otakasuka a pakati pa basiyo, mabuleki atamangidwa. Koma malowo eni ake ndi anthu oyendera njinga za olumala. Wa njinga yotere akakwera, mumapinda chikukucho kapena kutsika n'kudikira basi ina. Malowo akadzaza, dalaivala akhoza kukusiyani pasiteji, makamaka m'mawa ana akamapita kusukulu. Ndalama yapamanja salandira, mumangogunditsa khadi lolipirira pa kamakina. Khanda silipira.

Sitima zapansi panthaka ndiye mutu ungakupwetekeni, chifukwa masiteshoni ambiri akalekale alibe chikepe, ndi masitepe okhaokha. Musananyamuke yang'anani mapu osonyeza masiteshoni opanda masitepe a TfL, bungwe loona za mayendedwe mu London. Pa njanji ya DLR ndi pa njanji ya Elizabeth line, yomwe inatsegulidwa mu 2022, sindinavutikepo.

Amene munati ndizitenga chitenje m'chikwama munanena zoona. Chikepe chikafa, mwana ndimam'bereka kumbuyo, chikuku n'kuchipinda, ulendo n'kupitirira. Ena amacheuka, koma ine ndilibe nazo ntchito.