Windows 10 yasiya kulandira ma update: makina akalewa tiwatani?

Nachisale:
Ndithandizeni akatswiri. Mu kashopu kotayipira ndi kusindikiza muli makina atatu, onse pa Windows 10: laputopu ya Dell Latitude 7490, ina ya HP EliteBook 840 G3, ndi desktop yakale ya Dell OptiPlex 7010 yomwe yalumikizidwa ku pulinta ya Canon LBP2900. Chiyambire Okutobala 2025 onse akumatulutsa uthenga woti Windows 10 yafika kumapeto. Ndikayesa kupita ku Windows 11 onse atatu akukana, ngakhale Latitude ija yomwe ndimaiona ngati yatsopanoko. Kodi makinawa azima? Ndalama yogulira atatu ena palibe. Ndiyambire pati?

Phiri_IT:
Mtima pansi mayi, makina sazima. Chomwe chinatha pa 14 Okutobala 2025 ndi ma update aulere otseka mabowo a chitetezo. Windows 10 iyakabe, Word itsegulabe, pulinta isindikizabe. Vuto lake limabwera pang'onopang'ono: mwezi uliwonse Microsoft ikatseka bowo mu Windows 11, akuba a pa intaneti amaona pomwe yasoka, n'kukayesa bowo lomwelo pa Windows 10 pomwe palibenso wosoka. Mu shopu ngati yanuyo, momwe ma flash a makasitomala amalowa ndi kutuluka tsiku lonse, zimenezi si zozitenga mopepuka.

Choyamba kuchita, ndipo muchite pa makina onse atatu, ndi kulembetsa ESU (Extended Security Updates), ndondomeko ya Microsoft yotalikitsa ma update a Windows 10. Imeneyi imakupatsani ma update a chitetezo mpaka pa 13 Okutobala 2026. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani winver, muone ngati palembedwa 22H2. Ngati ndi 21H2 kapena yakale kuposa apo, ESU sibwera mpaka mutakweza kaye. Kenako pitani ku Settings, Update & Security, Windows Update, mufufuze mawu oti Enroll now. Njira zolowera ndi zitatu: kulipira madola 30, kugwiritsa ntchito mapointi 1,000 a Microsoft Rewards, kapena kuvomera kuti ma settings a kompyuta azisungidwa ku akaunti yanu ya Microsoft, zomwe ndi zaulere. Akaunti imodzi imatha kulembetsa makina mpaka 10.

Enroll now ikapanda kuoneka, kawirikawiri chifukwa chake ndi chimodzi mwa izi: ma update aposachedwa sanalowe (ambiri amawatseka poopa kutha kwa bandulo), simunalowe ngati administrator, kapena laputopu idakali yomangidwa ku domain (netiweki yoyang'anira makompyuta) ya kampani yomwe inkaigwiritsa ntchito kunja isanagulitsidwe. Makina a pa domain ali ndi ESU yawo ya makampani, yomwe imayambira madola 61 pa makina amodzi ndipo mtengo umawirikiza chaka chilichonse. Muzikumbukiranso kuti Office 2016 ndi 2019 zinasiya kuthandizidwa tsiku lomwelo la 14 Okutobala, ndipo ESU ya Windows siziphimba zimenezo.

Gondwe_Mzuzu:
A Phiri anena zoona, koma Latitude ijatu mwina sifunikanso ESU. Windows 11 imafuna RAM ya 4GB, disiki ya 64GB, TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka m'kati mwa kompyuta), UEFI (njira yatsopano yoyatsira kompyuta, yolowa m'malo mwa yakale ya Legacy) yotha Secure Boot (chitetezo cha nthawi yoyatsa), ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita mtsogolo kapena AMD Ryzen 2000 kupita mtsogolo. Musadalire dzina la laputopu. Ma Latitude 7490 ena anatuluka ndi i5-8350U, ena ndi i5-7300U, ndipo kunja kwake ndi ofanana ndendende. N'chimodzimodzi ndi ThinkPad T480. Nambala yoyamba pambuyo pa kamzere ndiyo m'badwo: 8350U ndi wa 8, 7300U ndi wa 7. Pongochenjeza amene akufuna kugula yogwiritsidwa kale ntchito: i5-1135G7 si m'badwo woyamba ayi, ndi wa 11.

Mayi, dinani Windows ndi R, lembani msinfo32, mutiuze zomwe zalembedwa pa Processor ndi pa BIOS Mode. Kenako lembani tpm.msc mutiuzenso zomwe ikunena.

Nachisale:
Zikomo abambo nonse. Pa Latitude: Processor ndi i5-8350U, BIOS Mode ndi Legacy, ndipo tpm.msc ikuti Compatible TPM cannot be found. Pa HP ndi i5-6300U. Pa desktop ndi i5-3470.

Gondwe_Mzuzu:
Basi, Latitude ilibe vuto, yangoikidwa molakwika. Zimachitika kwambiri ndi ma laputopu obwera kuchokera kunja: woika Windows amafulumira, n'kuiika mu Legacy pa disiki ya MBR (kagawidwe kakale ka disiki), TPM n'kukhala yozimitsa. Kukonza kwake n'kotere, koma musasinthe ndondomekoyi.

Yambani ndi kukopera mafayilo onse ofunika pa disiki yakunja. Ngati BitLocker (loko ya Windows yotseka disiki) ndi yoyatsa, lembani recovery key yake ya manambala 48 papepala ndipo muimitse kaye BitLocker. Batire likhale lodzaza ndipo chaja chikhale cholumikiza, chifukwa magetsi akathima disiki ili pakati posinthidwa mutha kutsala ndi makina osayaka.

Tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani mbr2gpt /validate /allowFullOS. Ikavomera, lembani mbr2gpt /convert /allowFullOS kuti disiki isinthe kuchoka pa MBR kupita ku GPT, kagawidwe komwe UEFI imafuna. Ikakana, nthawi zambiri n'chifukwa choti disiki ili ndi ma partition (zigawo za disiki) opitirira atatu kapena ili ndi extended partition. Pamenepo ndi bwino kungoika Windows 11 mwatsopano kuchokera pa flash kusiyana n'kulimbana nayo.

Disiki ikatha kusinthidwa, yambitsaninso makina ndipo muzidina F2 kuti mulowe mu BIOS, ma settings a makina omwe amabwera Windows isanayake. Pa Boot Sequence sankhani UEFI. Pa Advanced Boot Options chotsani chizindikiro pa Legacy Option ROMs, apo ayi Secure Boot ikana kuyaka. Yatsani Secure Boot, kenako pansi pa Security yatsani TPM 2.0. Pa makina ena TPM imalembedwa PTT ngati ndi Intel, fTPM ngati ndi AMD. Pomwe ambiri amapsera ndi apa: amasintha BIOS kupita ku UEFI asanasinthe disiki, kapena amasintha disiki n'kuiwala BIOS. Njira zonse ziwiri zimathera pa uthenga woti No bootable device, munthu n'kuyamba kuganiza kuti disiki yafa pomwe ili bwinobwino. Mukalowanso mu Windows yendetsani PC Health Check, pulogalamu ya Microsoft yoona ngati makina angalandire Windows 11. Kukwezako n'kwaulere ngati Windows 10 yanu ndi yovomerezeka, koma konzani bandulo yosachepera 8GB kapena mupeze Wi-Fi, poti pambuyo pake pamabwera ma update ena.

Chikondi_Dev:
Za HP ndi desktop, ena akuuzani kuti mungogwiritsa ntchito Rufus, pulogalamu yolembera Windows pa flash. N'zoona, Rufus ikamalemba Windows 11 pa flash imakupatsani bokosi lochotsera lamulo la TPM, Secure Boot ndi RAM, ndipo pa i5-6300U yokhala ndi SSD ndi RAM ya 8GB Windows 11 imathamanga bwino ndithu. Chomwe sakuuzani n'chakuti Microsoft inanena poyera kuti makina otere alibe lonjezo la ma update. A mwezi ndi mwezi amabwerabe pakadali pano, koma kukweza kwa chaka ndi chaka sikubwera kokha. Mtundu uliwonse wa Home ndi Pro umathandizidwa miyezi 24 yokha, ndiye ukatha muyenera kukwezanso pamanja ndi ISO (fayilo yoikira Windows) yatsopano. Amene sakudziwa zimenezi amakhala pa Windows 11 yomwe inasiya kale kulandira ma update, akuganiza kuti ndi wotetezeka. Komanso kuyambira pa 24H2 (mtundu wa Windows 11 wa 2024) purosesa iyenera kukhala ndi malamulo otchedwa SSE4.2 ndi POPCNT, zomwe palibe Rufus angazilambalale; ma Core 2 Duo anathera pamenepo. Makina anu onse awiri ali nazo, choncho pa mbali imeneyi muli bwino.

Ineyo pa HP ndingasankhe Linux Mint 22, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, yomwe ikhale ikulandira ma update mpaka 2029. ISO yake ndi pafupifupi 3GB. Ilembeni pa flash ya 8GB, yatsani laputopu mukudina F9, musankhe flash, muiyese kaye osaika. Onani ngati Wi-Fi, mawu ndi kamera zikugwira. LibreOffice imabweramo kale ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, kungoti mafonti amasiyana ndipo masamba amasuntha. Ikani phukusi la ttf-mscorefonts-installer kuti mupeze Times New Roman ndi Arial. Calibri mulibemo, m'malo mwake ikani Carlito, yomwe zilembo zake zili ndi muyeso wofanana. CV ya kasitomala ikafuna kutuluka momwe anaikonzera, muuzeni abwere nayo ngati PDF.

Phiri_IT:
Pa HP ndikugwirizana nanu a Chikondi, koma desktop musaiike Linux chifukwa cha pulinta ija. LBP2900 imayendera dalayivala ya CAPT, ndipo pa Linux kuiika kwake n'kovuta: imafuna service yotchedwa ccpd izikhala ikuyenda, ndipo ikangoima mapepala amangounjikana pa mzere osatuluka. Kasitomala ataima pa kauntala si nthawi yotsegula terminal.

Desktop isiyeni pa Windows 10 ndi ESU mpaka Okutobala 2026. Tsikulo likakwana, izuleni waya wa intaneti ikhale yongosindikizira. Zimitsani AutoPlay (yomwe imatsegula flash yokha ikangolowa), pangani akaunti wamba yopanda mphamvu za administrator yogwirira ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo flash iliyonse ya kasitomala iziyamba yadutsa pa Latitude kuti Defender, antivayirasi ya Windows, iiunike isanafike pa desktop. Imelo, za kubanki ndi WhatsApp Web zonse zisamukire pa Latitude ikangokwera Windows 11. Ngati desktop idakali ndi hard disk yozungulira, SSD ya SATA ya 256GB ndiyo chinthu chokhacho chomwe ndingakulangizeni kuigulira.