Kuyenda wapansi m'tauni ya Lilongwe: ndiyambire pati?

Nabanda_Balaka

Moni nonse. Sabata yamawa ndikhala ku Lilongwe masiku atatu, ndipo Loweruka ndilibe chochita tsiku lonse. Ndikufuna kuyenda wapansi m'tauni, ndione msika, ndigule zitenje, komanso mzindawu ndiuone ndi maso anga osati pa windo la minibasi. Koma ena akuti tauni ndi Old Town, ena akuti City Centre. Ndiyambire pati, ndidzere kuti, nthawi yanji? Ndidzakhala ndekha, ndiye za chitetezo mundiuzenso.

Mbewe_wa_ku_Kawale

Achemwali, munthu wa ku Lilongwe akati "ndikupita m'tauni" amanena Old Town. City Centre ndi kwa maofesi, kunamangidwa pamene likulu linkasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, ndipo Loweruka kumakhala zii. Moyo wa mzindawu uli ku Old Town, komwe boma la atsamunda linayambira kalekale likulu lisanabwere.

Chinthu choyamba kuchigwira m'mutu ndi mtsinje wa Lilongwe. Umadula Old Town pakati, ndipo mbali ziwirizi ndi zosiyana kwambiri. Tsidya lina kuli Area 3 ndi Area 4: mabanki, positi ofesi, Town Hall, polisi, masitolo akuluakulu. Tsidya linalo ndi Area 2: msika waukulu, depoti ya mabasi, mzikiti, msewu wa Malangalanga, Bwalo la Njobvu ndi chipatala cha Bwaila, chomwe akuluakulu ambiri amachitchulabe kuti Bottom. Msewu womwe umalumikiza mbali ziwirizi ndi Kamuzu Procession, womwe ndi M1 yemweyo wochokera ku Blantyre kupita kumpoto. Mukasokera, funsani komwe kuli mlatho wa Lilongwe basi. Mukaima pa mlathowo mwadziwa pomwe muli. Manambala a ma Area musawadalire, sayenda motsatana ndi malo, moti simunganene kuti Area iyi ili pafupi ndi iyo chifukwa manambala ayandikana.

Ine ndingati yambirani tsidya la kumsika, cha m'ma 7 koloko kapena hafu pasiti 7. Nthawi imeneyo masamba ndi tomato zimakhala zangofika, anthu sanathithikane, dzuwa silinayambe kuwotcha. Zungulirani mumsika ola limodzi, mutulukire ku Malangalanga, muone mashopu a nsalu ndi a hadiweya ku Bwalo la Njobvu, kenako mutsike mtsetse kupita ku mlatho. Mukaoloka, msewu umakwera pang'onopang'ono kukafika pa raundabauti ya Town Hall. Pitirizani mpaka pa positi ofesi, pomwe pamakhala ogulitsa ziboliboli, madengu, mipando yosema ndi zojambula. Kuchoka pa mzikiti kufika pa positi ofesi, osaima paliponse, sipangathe mphindi 30. Ndi kuimaima ndi kugula, ulendo wonse ndi maola atatu kapena anayi.

Ukayamba mbali ya mabanki n'kumalizira kumsika, umafika pa malo ovuta kwambiri masana dzuwa lili paliwombo, uli wotopa, katundu ali kumanja, anthu ali piringupiringu. Pamenepo ndi pomwe munthu amaiwala chikwama. Komanso Loweruka mashopu ambiri a ku Area 2 amatseka masana, ndiye zogula zikhale za m'mawa. Masitolo akuluakulu a tsidya linalo amatsegula mpaka madzulo, ndipo kumeneko mungakhale pansi, kudya, ndi kupeza chimbudzi chabwino.

Mukakhala ndi mphamvu zotsala, lowani msewu wa Glyn Jones ku Area 3. Kuli mitengo ikuluikulu, mthunzi wabwino, tchalitchi cha Anglican cha St Peter's ndi bwalo la gofu. Phokoso la m'tauni limatha mwadzidzidzi, ngati mwalowa mzinda wina.

MayiNaphiri47

Zomwe anena a Mbewe ndi zoona. Ndiwonjezere za misika, chifukwa sumodzi ayi. Pali msika waukulu wa ku Area 2, womwe unapsa mu 2016 koma malonda anayambiranso. Ndiye m'mphepete mwa mtsinje muli ina iwiri yoyang'anizana: wa Tsoka, komwe kuli kaunjika, nsapato ndi zikwama, ndi wa Lizulu, wa zakudya za kumunda monga mbatatesi, kabichi, anyezi, karoti ndi zipatso. Pakati pake pali timilatho ta mitengo ndi matabwa tomwe anamanga anthu wamba, ndipo woloka aliyense amalipira kandalama kochepa kwa mwini wake. Konzeranitu ndalama yaing'ono m'manja musanakwere, musamatsegule chikwama muli pamwamba. Matabwa ena amakhala otalikirana, madzi ukuwaona pansipo, ndiye pondani pomwe pali mtanda wa pansi, pomwe pali misomali, osati kumapeto kwa thabwa. Nthawi ya dzinja, makamaka Januwale ndi Febuluwale, mtsinje ukadzaza timilathoti timakokoloka. Mukaona madzi ali ofiira, akuthamanga ndi zinyalala, zungulirani ku mlatho waukulu ngakhale kutalike.

Za zitenje. Musagule pa benchi yoyamba. Funsani mitengo malo atatu, kuphatikiza shopu imodzi ya ku Bwalo la Njobvu, kuti mudziwe poyambira kunenerera. M'mashopu mtengo sutsika kwenikweni pokhapokha mukutenga zambiri, koma pa mabenchi amayamba ndi mtengo wokwera podziwa kuti munenerera. Chitenje chomanga m'chiuno ndi mamita awiri. Ngati n'chosoketsa siketi ndi bulauzi, tengani mamita anayi a mtundu umodzi nthawi yomweyo, chifukwa mukabwerera mawa maluwa amenewo mwina simuwapezanso. Chitembenuzeni muone kuseri: chabwino mtundu umalowa mbali zonse ziwiri pafupifupi mofanana, chotchipa kuseri kumakhala kotuwa. Fikisani pakona ndi zala. Chikakhala cholimba ngati pepala koma ufa woyera n'kumagwa, ndi sitachi ameneyo, mukachapa kamodzi chidzapyapyala. Choterera, chonyezimira, ndi poliyesitala, chimatentha m'thupi mwezi wa Okutobala. Ndipo chitambasuleni chonse wogulitsa asanapinde, chifukwa pomwe mtundu unadumpha kapena pobooka amabisa mkati mwa mpindo.

Kaunjika wabwino amapezeka belo likangotsegulidwa m'mawa, koma ndi nthawi yomwenso mtengo umakhala wokwera ndi anthu kulimbirana. Madzulo mtengo umagwa, zotsala ndi zosankhidwa kale. Chovala chilichonse onani m'khwapa, zipi ndi m'mphepete mwa kolala, ndipo chitulutseni padzuwa, m'mashedi muja mumabisa mathimbirira.

Ndalama gawani pawiri. Zochepa zogulira zikhale pafupi, zambiri zikhale m'thumba la mkati kapena mu Airtel Money ndi Mpamba, poti ma ejenti ali paliponse. Chikwama chikhale kutsogolo, zipi ili mbali ya thupi lanu. Opisa m'matumba amagwira ntchito pomwe anthu apanikizana: pa zipata za msika, pa depoti pokwera minibasi, ndi pa mlatho madzulo anthu akuweruka. Kawirikawiri mmodzi amakugundani kapena kuima mwadzidzidzi kutsogolo kwanu, mnzake ndi amene amatenga. Foni ikalira, lowani kaye m'shopu kapena tsamirani khoma. Wina akakuuzani kuti mwagwetsa ndalama, kapena akufuna mugawane zomwe watola, musaime n'komwe.

Nabanda_Balaka

Zikomo kwambiri amayi, za sitachi sindinkazidziwa. Nanga nditafuna kukaona manda a Kamuzu tsiku lomwelo, ndingafike wapansi kuchokera ku Old Town?

Jere_Area18

Mungafike, koma si ulendo wowonjezera pamwamba pa wa kumsika. Kuchoka pomwe anthu amati pa Shoprite kutsata msewu wa Kenyatta mpaka ku City Centre ndi makilomita anayi kapena asanu, ola lathunthu kwa woyenda bwino, ndipo pakati pake pali malo a nkhalango ya Nature Sanctuary pomwe oyenda pansi amachepa. Munthu mmodzi wonyamula katundu asadutsepo madzulo. Kwerani minibasi kapena takisi, mukatsike ku City Centre, muziyenda wapansi kumeneko. Chiliza cha Kamuzu, chomwe chinatsegulidwa mu 2006, chili pafupi ndi Nyumba ya Malamulo yomwe inatsegulidwa mu 2010, ndipo nyumba ya misonkhano ikuluikulu ya BICC (Bingu International Convention Centre) ilinso chapomwepo. Zitatuzi mungazione mu ola limodzi. Funsani alonda musanajambule nyumba za boma. Tengani madzi, chifukwa kumeneko nyumba zili patalipatali, ndipo Loweruka ogulitsa m'mbali mwa msewu sachuluka. Ngati mumakonda nyama ndi mitengo, Lilongwe Wildlife Centre ili pa msewu wa Kenyatta womwewo, pakati pa matauni awiriwa, ndipo ili ndi tinjira toyendamo m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Polowa pamalipiridwa.

Mbewe_wa_ku_Kawale

A Jere anena bwino. China chomwe tasiya ndi msewu weniweniwo, chifukwa ku Old Town chovulaza anthu kwambiri si akuba ayi, ndi njinga zamoto ndi ngalande. Akabaza amadutsa pakati pa magalimoto oima, amabwera ngakhale mbali yolakwika, ndiye minibasi ikakuimirani musangoti pyoo, suzumirani kaye kuseri kwake. Poti magalimoto kuno amayenda kumanzere, poyamba yang'anani kumanja, kenako kumanzere, n'kubwerezanso kumanja. Pomwe palibe njira ya oyenda pansi, yendani kudzanja lamanja kuti galimoto muziyiona ikubwera. Pa mizere yoolokera musaganize kuti aima okha. Dikirani gulu, muolokere limodzi. Pa raundabauti musaolokere pakamwa penipeni, sunthani masitepe makumi awiri, chifukwa dalaivala amakhala akuyang'ana galimoto ya kumanja kwake, osati inu.

Ngalande zambiri zilibe zivundikiro, zina silabu inasweka n'kutsala zitsulo zili tuu. Mvula ikagwa madzi amadzaza n'kufanana ndi msewu, osadziwika pomwe pali dzenje. Pondani pomwe wa kutsogolo kwanu waponda. Valani nsapato zotseka za pansi polimba. Mapatapata m'misika ya kumtsinje ayi, kuli matope, misomali ndi mabotolo osweka, ndipo m'chilimwe fumbi lake limafika m'mawondo.

Njala ikakupezani tsidya la kumsika, chipisi cha pa chiwaya sankhani pomwe pali mzere wa anthu ndipo akuwulirani chotentha kuchokera m'mafuta inu mukuona. Saladi wa kabichi wosaphika msiyeni ngati simukuona pomwe akutsukira. Zimbudzi za m'misika ndi zolipira, ndiye kandalama kakang'ono ndi tishu yanu zikhale m'thumba.

Kuno kumada msanga, m'miyezi ya Juni ndi Julayi hafu pasiti 5 kwayamba kale mdima. Pofika 4 koloko mukhale mutachoka ku depoti, ku Devil Street (kamsewu ka mabala pafupi ndi depoti) ndi m'mphepete mwa mtsinje. Pokwera minibasi yobwerera, oitanira adzakukokani dzanja ndi katundu yemwe. Gwirani jumbo lanu nokha, funsani kondakitala komwe ikupita ndi mtengo musanakhale pansi, ndipo sankhani yomwe yatsala pang'ono kudzaza, apo ayi mukhala mphindi 40 pa siteji injini ikungolira.