Galu wa kasitomala akuuwa eni ake akangotuluka

Wofunsa: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndikuphunzitsa galu wa mtundu wa German Shepherd wazaka ziwiri. Eni ake akangopita kuntchito amauwa mpaka kusasa mawu, moti aneba afika potopa naye. Ndikati "chete" amamvera bwinobwino, koma zimatheka pakakhala munthu basi. Pano eni akewo akuti agula kolala yamagetsi, ija yomanga m'khosi yomwe imamumenya shoko akauwa. Ndiwauze chiyani?

Wosamalira agalu: Achimwene, ameneyo wangonyong'onyeka. Mtundu umenewu anaukonzera ntchito yoweta nkhosa, sungakhale tsiku lonse manja lende. Aziyenda naye m'mawa mpaka atope, pochoka azimusiyira Kong, chidole cha rabala chobowoka pakati chothiramo chakudya.

Mphunzitsi wamkulu: Mwina, koma tisafulumire. Inuyo munamuonapo akuuwa ali yekha, kapena mwangomva kwa aneba? Galu wouwira anthu odutsa pageti, wofuna kuti amusamale, ndi wamantha, onsewa amamveka chimodzimodzi kuseri kwa mpanda, koma mankhwala ake ndi osiyana. Asiye foni ikujambula mphindi 30 zoyambirira akachoka.

Wofunsa: Vidiyo ija ndaiona. Mwini wake akangogwira makiyi, galu wayamba kale kupuma mwawefuwefu n'kumamutsatira paliponse. Chitseko chikatsekedwa akuchikanda, dovu lili chuchuchu, kuuwa kosakaniza ndi kulira. Kong sanaikhudze n'komwe, wadzadya iwo atabwerako.

Dokotala wa ziweto: Galu wonyong'onyeka sasiya chakudya, achimwene. Imeneyo ndi nkhawa yosiyidwa yekha, ndipo kolala ija aiiwale. Ikhoza kumutseka pakamwa, koma mantha awonjezeka, kenako mudzamva kuti wathyola mano potafuna chitseko kapena akudzikodzera. Ku Wales, chigawo cha dziko la UK, makolala amenewa anawaletsa mu 2010. Abwere naye kuchipatala kaye, chifukwa ululu wa m'khutu kapena wa m'chiuno umawonjezera kusakhazikika. Zikakhala zazikulu timapereka mankhwala ochepetsa nkhawa, fluoxetine kapena clomipramine, koma amatenga milungu inayi kapena kuposerapo kuti zotsatira zioneke, ndipo paokha sathetsa vutoli. Chonde asamupatse mankhwala a anthu mwa okha.

Mphunzitsi wamkulu: Adokotala anena zoona. Mbali yanu nayi. Yambani ndi makiyiwo: awagwire, avale nsapato, kenako akhale pansi osapita kulikonse, kangapo patsiku, mpaka galu asiye kudzidzimuka. Zikatero atuluke masekondi asanu okha, abwerere galu asanayambe kulira. Muziwonjezera nthawi pang'onopang'ono mukuyang'ana vidiyo. Akangoyamba kuzungulirazungulira, mwathamanga, bwererani pomwe anali phee. Pochoka ndi pobwera pasakhale chikondwerero, komanso asamukalipire akapeza chitseko chokandika. Galu sangagwirizanitse ukaliwo ndi zomwe anachita m'mawa, amangoyamba kuopanso kubwera kwa mbuye wake.

Wosamalira agalu: Ndavomera, akulu, ngakhale kuyenda kwa m'mawa asakusiye. Koma nanga anthu oti amapita kuntchito tsiku lililonse? Mukamanga madzulo, m'mawa zagumuka.

Mphunzitsi wamkulu: Pamenepo m'pomwe ambiri amagwera. Milungu yoyambirirayi galu asasiyidwe yekha kupitirira nthawi yomwe wafikapo. Papezeke wachibale kapena mnzawo wokhala naye masana, ngakhale wosamusewezetsa, bola akhalepo.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndiwaonetsa vidiyoyi eni akewo madzulo ano, ndiwapemphe apite kaye kwa adokotala, komanso akalankhule ndi aneba kuti ntchito yayambika. Za makiyi tiyamba Loweruka onse ali pakhomo.