Kodi asayansi amadziwa bwanji kumene zoipitsa nyanja zachokera?

Mphunzitsi wa ku Santhe:
Ndikukonzekera kuphunzitsa ana a Fomu 4 za kuipitsidwa kwa nyanja zamchere, ndipo ndamva kuti asayansi amayeza maisotopu osasinthika pofuna kudziwa ngati nayitrogeni wochuluka m'madzi wachokera ku feteleza kapena ku zimbudzi za m'mizinda. Kodi zimenezi zimatheka bwanji, poti zonse zikafika m'madzi zimasakanikirana?

Mlangizi wa ku Kamwendo:
Aphunzitsi, nkhani yagona pa kulemera kwa maatomu. Nayitrogeni alipo wa mitundu iwiri yosasinthika yosiyana kulemera, ndiwo maisotopuwo, wa 14 ndi wa 15, ndipo wa 15, yemwe ndi wolemererapo, mumpweya alimo wochepa kwambiri, pafupifupi 0.37 peresenti. Feteleza monga Urea amapangidwa ndi nayitrogeni wotengedwa mumpweya, motero akamuyeza amapeza kuti sasiyana kwenikweni ndi mpweyawo. Zonyansa za m'zimbudzi zimasiyana, chifukwa zikamawola nayitrogeni wopepukayo ndiye amayamba kuuluka, wolemera n'kutsalira, mwakuti muyeso wake nthawi zambiri umakwera kufika pakati pa 10 ndi 20 pa 1,000 kuposa wa mumpweya. Ndere za m'nyanja zimayamwa nayitrogeni ameneyu ndi kumusunga m'thupi mwake. Ku Moreton Bay, pafupi ndi mzinda wa Brisbane ku Australia, ofufuza ankamiza ndere m'malo osiyanasiyana kwa masiku ochepa, n'kuziyeza ndi makina otchedwa mass spectrometer, ndipo anajambula mapu osonyeza pamene madzi a m'zimbudzi ankalekezera.

Wophunzira za sayansi wa ku Chulu:
Ndiwonjezereko za mtovu, umene uli ndi maisotopu anayi osasinthika: 204, 206, 207 ndi 208. Kuchuluka kwa maisotopuwa kumatengera mgodi umene mtovu unakumbidwa, choncho wa ku Broken Hill ku Australia umasiyanitsika ndi wa ku Missouri ku America. Wasayansi wa ku America, Clair Patterson, ndiye anasonyeza kuti madzi apamwamba a m'nyanja anali ndi mtovu wambiri wochokera ku petulo wa galimoto. Petulo wothira mtovuyo anasiya kugulitsidwa padziko lonse mu 2021, dziko lomaliza linali Algeria.

Mphunzitsi wa ku Santhe:
Zikomo nonse. Ndiye kuti tingathe kuyeza mtsinje wa Bua n'kuloza munda kapena mudzi umene ukuipitsa madzi?

Mlangizi wa ku Kamwendo:
Pamenepo ndiye tisafulumire, aphunzitsi. Muyesowu umaloza mtundu wa gwero, osati mwini wake, ndipo ndowe za ng'ombe ndi zonyansa za anthu zimaoneka mofanana kwambiri. Komanso madzi akadutsa m'madambo, monga ambiri amene Bua amadutsamo kuno ku Mchinji ndi ku Kasungu, mabakiteriya amadya nayitrogeni wopepuka, mwakuti feteleza wokokoloka m'minda ya fodya akhoza kufika ku Nkhotakota akuoneka ngati wachokera m'zimbudzi. N'chifukwa chake ofufuza osamala amayezanso okosijeni wa 18 amene ali mu nayitireti, mchere umene umanyamula nayitrogeniyo m'madzi, ndiponso amatenga madzi m'malo angapo, m'dzinja ndi m'chilimwe momwe. Anawo muwauzenso kuti ena mwa madzi a Bua amakathera ku Indian Ocean, kudzera m'nyanja ya Malawi, mu Shire ndi mu Zambezi.